Wosamuka pakati pa chaka, msonkho wake apereka kuti?

Pa Malosa, m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, n'zosowa kupeza banja lopanda mbale ku Joni. Ena ndi anyamata omwe adapita kukasaka maganyu, ena ndi anamwino ndi aphunzitsi omwe adasiya ntchito zolembedwa kuno n'kukayamba zina kunja. Pokonzekera ulendo onse amaganiza za pasipoti ndi ndalama ya basi, koma ndi ochepa amene amakumbuka za msonkho.

Komatu msonkho ndi womwe udayambitsa maulendowa. M'zaka za m'ma 1890 atsamunda adakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo amuna ambiri adalowera ku Halale ndi kumigodi ya ku Joni kukafuna ndalama yolipirira. Lero nkhani yatembenuka: munthu amapita yekha, koma maiko awiri angathe kufuna gawo pa thukuta lake la chaka chimodzi.

Gwero la chisokonezo ndi kalendala. Kuyambira mu 2022, chaka cha boma la Malawi chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March, pomwe kale chinkayamba mu July. Ku South Africa chaka cha msonkho wa munthu chimayamba pa 1 March n'kutha kumapeto a February, pamene ku Britain chimayamba pa 6 April.

Tiyerekeze namwino wa m'chigwa cha Domasi yemwe wasiya ntchito kumapeto a August n'kukayamba ina ku Johannesburg mu September. Miyezi isanu wagwira kuno, ndipo abwana ake akhala akumudula msonkho wa PAYE mwezi ndi mwezi n'kumapereka ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Miyezi isanu ndi umodzi yotsatira, kufika mu February, malipiro ake ali m'manja mwa bungwe la SARS la dzikolo.

Lamulo la Malawi limayang'ana komwe ndalama yachokera. Malipiro a ntchito yogwiridwa ku Johannesburg gwero lake ndi komweko, choncho msonkho wake ndi wa SARS. Koma ngati namwinoyu wasiya nyumba ya lendi ku Zomba kapena golosale pa Malosa, ndalama imeneyo yachokera m'Malawi ndipo MRA ili ndi gawo lake, ngakhale mwini wake atakhala kunja zaka khumi. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amagwa m'mbuna, poti m'bale wosiyiridwa nyumba amangolandira lendi osadziwa kuti pamafunika kudzaza fomu ya msonkho pasanathe masiku 180 chaka chitatha.

Ku South Africa zinthu n'zosiyana. Kuyambira mu 2001, munthu yemwe lamulo likumutenga ngati wokhazikika m'dzikomo amayenera kuulula ndalama zomwe wapeza kwina kulikonse. Mlendo amalipira pa zomwe wapeza m'dzikomo basi. Koma akapanga dzikolo kukhala mudzi wake weniweni, kapena akakhalamo masiku oposa 91 m'chaka chimenecho ndi m'chilichonse cha zaka zisanu zam'mbuyo, komanso oposa 915 powonkhetsa zaka zisanuzo, amasanduka wokhazikika. Zikatero, lendi ya ku Zomba ija nayo iyenera kulembedwa pafomu ya SARS.

Kodi ndiye kuti alipira kawiri? Ayi, ngati mapepala ali nawo. Maiko awiriwa adasainirana pangano mu 1971 lopewa kudula munthu kawiri pa ndalama imodzi. Vuto n'loti palibe ofesi yomwe ingakhulupirire mawu apakamwa. Pamafunika umboni woti msonkho udaperekedwa kale.

Kusunga mapepala kungathenso kubweza ndalama m'thumba. PAYE imadulidwa ngati kuti munthu alandira malipiro omwewo chaka chonse, choncho wogwira miyezi yochepa nthawi zina amapezeka kuti adadulidwa mopyola. Mwachitsanzo, m'chaka cha 2024/25 munthu wosakwana zaka 65 ku South Africa sankayenera kulipira kanthu ngati ndalama zake pachaka sizidapyole R95,750. Kuno, mu 2024 boma lidakweza malipiro osadulidwa msonkho kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000 pamwezi. Wosadzaza fomu sadziwa n'komwe kuti boma lili naye ngongole.

Omwe ali pamavuto kwambiri ndi ogwira ntchito popanda chilolezo. Ambiri alibe nambala ya msonkho, salandira pepala la IRP5 losonyeza zomwe adadulidwa, ndipo bwana wachinyengo akawadula ndalama ponamizira msonkho, alibe kokadandaula.

Choncho asanakwere basi ya ku Mwanza, wosamuka apemphe kwa abwana ake chikalata chosonyeza malipiro ndi msonkho wonse womwe adadulidwa, asunge nambala yake ya TPIN, ndipo akadziwitse a MRA ngati akusiya nyumba kapena bizinesi. Masitampu a m'pasipoti nawo ndi umboni wa tsiku lomwe adatuluka. Akulu adati safunsa adadya phula. Chindapusa cha msonkho wochedwa chimakula ndi nthawi, ndipo chimadikira mwini wake tsiku lobwerera kumudzi.