Tisitima ta M'munda wa Bekonscot

Ku Beaconsfield, m'dziko la England, kuli munda wotchedwa Bekonscot umene unatsegulidwa m'chaka cha 1929. M'mundamo tisitima tamagetsi timayenda panja, kuoloka timilatho ndi kupyola pakati pa tinyumba tolekeza m'chiuno mwa mwana.

Makolo ena amati kulipira pakhomo kuti banja likaone zidole nkutaya ndalama chabe. Maganizo otere ngolakwika. Mwana akaima pa siteshoni yeniyeni amangoona sitima imene ili patsogolo pake. Koma m'munda uja amaona njanji ali pamwamba monga mbalame. Amaona pamene njanjizo zapatukana, ndiponso pamene kasitima kaima kudikira kanzake kuti kadutse. Akafunsa chimene chakaimitsa, atate ake nawonso amaŵerama nayang'anitsitsa, pakuti kaŵirikaŵiri yankho lake salidziŵa.