Zaka 33 za Dr Laws ku Khondowe: anaphunzitsa atsogoleri, koma mpando anaukakamira

Yunivesite ya Livingstonia, yomwe Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP inatsegula mu 2003, lero ili ndi nthambi ku Khondowe, ku Ekwendeni ndi ku Kaning'ina mumzinda wa Mzuzu. Mizu yake ndi sukulu ya Overtoun, yomwe Dr Robert Laws, m'busa komanso dokotala wa ku Aberdeen, anayambitsa ku Khondowe mu 1894 n'kuiyendetsa mpaka 1927. Mkuluyu anafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala mu 1875, motero m'dziko muno anakhalamo zaka 52. Kodi kukhalitsa kotereku kunapindulitsa sukuluyi, kapena kunaibweza m'mbuyo?

Omuyamikira ali ndi mfundo zogwira mtima. Panthawi imene azungu ambiri ankati munthu wakuda angodziwa kuwerenga Baibulo ndi kugwira khasu, ku Overtoun ankaphunzitsa zauphunzitsi, zaubusa, zachipatala, ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi kutumiza matelegalamu. Magetsi a mphamvu ya madzi anayaka ku Khondowe mu 1905, ndipo msewu wokhotakhota wa Gorodi unalumikiza phirilo ndi nyanja. Ntchito zotere zimafuna munthu wokhala pamalo amodzi zaka zambiri, amene opereka ndalama ku Scotland, monga Lord Overtoun, ankamukhulupirira.

Umboni waukulu ndi ophunzira ake. Clements Kadalie anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Levi Mumba anali pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. David Kaunda, bambo wake wa Kenneth Kaunda, anakatumikira ku Chinsali. Onsewa anadutsa ku Khondowe.

Koma omudzudzula nawonso sakulota. Charles Domingo anakulira m'nyumba ya Laws yemweyo, anamaliza maphunziro a zaubusa, koma zaka zinkangopita osamudzoza, mpaka anatopa n'kuchoka mumpingo. Abusa oyamba achikuda a ku Livingstonia, a Yesaya Zerenji Mwasi, a Hezekiah Tweya ndi a Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patadutsa zaka 39 chifikire amishonale. A Mwasi nawo anadzatuluka mu 1933 n'kuyambitsa Blackman's Church, podandaula kuti ulamuliro wonse unali m'manja mwa azungu. Laws ankalalikira za mpingo wodziyendetsa wokha, koma pochita ankati anthu ayambe ayesedwa kaye, ndipo kuyesako sikunkatha msanga. Amishonale anzake ena ankadandaulanso kuti ndalama zikuthera pa zomangamanga za paphiri pamene sukulu za m'midzi zikusowa zipangizo.

Tikaunika bwino, zabwinozi ndi zoipazi zikuchokera kumodzi. Kukhalitsa kunamupatsa mphamvu yomanga zazikulu, ndipo kukhalitsa komweko kunachititsa kuti masomphenya onse akhale m'mutu mwa munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Iye atanyamuka mu 1927, maganizo ake oti Overtoun ikule n'kukhala koleji yeniyeni anasowa wowapitiriza, ndipo chigawo cha kumpoto chinadikira zaka 76 kuti yunivesite ya dzina la Livingstonia itsegulidwe. Akanakhala kuti anthu ngati Domingo anawapatsa maudindo akuluakulu akadali ndi nyonga, mwina akanapezeka omenyera nkhondo maloto amenewa.

Laws ngoyenera ulemu umene amapatsidwa, ndipo vuto lake silinali kuchuluka kwa zaka ayi, koma kuchedwa kugawa udindo. Makhonsolo oyendetsa mayunivesite athu lero, akamaona ngati mkulu wa sukulu amuwonjezere nthawi, asamangowerenga nyumba zimene wamanga. Azimufunsanso kuti watchula ndi kukonzekeretsa ndani amene angayendetse sukuluyo iye atachoka mawa.