Mbedza Choyamba, Zitumbuwa Pambuyo

Amayi anzanga, mukapita ku chionetsero cha zaulimi, musayambe ndi zitumbuwa. Yambani mwaona zida zophera nsomba ndalama zisanathe.

Chida choyenera banja ndi chimene chimagwira ntchito kumtsinje ndi kunyanja komwe. Choncho sankhani mbedza zazikulu ndi zazing'ono, pamodzi ndi chingwe cholimba cha nayiloni. Mbedza yaikulu imakola mlamba mu Shire, imakolanso kampango m'nyanja ya Malaŵi. Yaing'ono imakola makumba. Musanalipire, ikhudzeni kunsonga muone ngati ili yakuthwa ndi yopanda dzimbiri.

Neti ya udzudzu isiyeni pabedi. Imakokolola tiana ta nsomba, ndipo mawa ana athu adzasoŵa ndiwo.

Mukatero, ndalama zotsala agulireni ana nzimbe, muonerere magule mtima uli m'malo.