Matemba a ku Chilwa: Mbewu ya Nyanja Ili M'mitsinje Yathu

Aliyense amene amagula ndiwo pa msika wa Nkando akudziwa kuti pakhomo pakasowa ndalama ya nyama, kamulu ka matemba ndi kamene kamatsitsa nsima. Matemba ambiri ogulitsidwa m'misika ya chigawo chino amachokera ku Nyanja ya Chilwa. Koma ndi angati mwa ife amene tinadzifunsapo kuti nsombazi zimachokeranso kuti nyanjayo ikauma? Yankho la funso limeneli likutikhudza ife akumtunda kuposa mmene tikuganizira.

Chilwa ndi nyanja yosazama, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Sombani. Iwiri yomalizayi imachokera m'phiri lathu lomweli la Mulanje. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanjayi imaphwa. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka bwalo la matope ong'aluka, mabwato ali gwaa pamtunda ku doko la Kachulu. Komabe madzi akabwerera, matemba, makumba ndi milamba zimabwereranso.

Chinsinsi chake anachiunika ndi akatswiri a pa Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, amene anafufuza nyanjayi kwa zaka pafupifupi khumi kuyambira mu 1966, nasindikiza zotsatira zake mu 1979. Iwo anaona ndi maso kuuma kwa 1968. Anapeza kuti madzi akamachepa ndi kusanduka amchere, nsomba zambiri zimafa, koma zina zimathawira m'madambo, m'matsiriro a mitsinje ndi m'maiwe akuya otsalira m'mitsinjemo. Zotsala zochepazi ndizo zimadzaswana ndi kudzazanso nyanja. Kafukufuku wa m'zaka zotsatira anaonetsanso kuti matemba amakwera mitsinje nthawi ya mvula kukaikira mazira. Kunena mwachidule, nkhokwe ya mbewu ya Chilwa ndi mitsinje.

Nzeru imeneyi inagwirapo ntchito. Nyanja itauma mu 1995, Nthambi ya Boma yoona za usodzi inagwirizana ndi mafumu ndi anthu okhala m'mbali mwa mitsinje kuti aletse kuthira katupe m'maiwe ndi kukoka makoka m'matsiriro ndi pa thamanda la Mpoto. Anthu anali ndi njala, nsomba zili pafupi, koma ambiri anapirira, ndipo patapita zaka zochepa usodzi unayambiranso. Chilwa inakhalanso malo oyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo ofunika pa dziko lonse.

Tisanyengedwe kuti popeza matemba akhala akubwerera ndiye kuti sangathe. Akuluakulu a ku Mangochi amakumbukira nchila, nsomba imene inali yochuluka m'zaka za m'ma 1950. Asodzi ankaitchera maukonde m'matsiriro pamene inkakwera mitsinje kukaswana, ndipo lero ana ambiri sanailaweko. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zolengedwa zimene zatsala pang'ono kutheratu. Matemba sanafike pamenepo, koma njira imene nchila inadutsa ndi yomweyi.

Ngakhale maiko olemera akulira ndi vuto lotere. Ku California, m'dziko la Amereka, kuli kansomba kotalika ngati chala kotchedwa delta smelt, kamene kamakhala pamene madzi a mitsinje ya Sacramento ndi San Joaquin amakumana ndi madzi amchere. Madzi ambiri a mitsinjeyi anapatutsidwira ku minda ndi ku mizinda, ndipo kansombaka kanayamba kusowa. Boma linakaika pa mndandanda wa nsomba zotetezedwa mu 1993, komabe kuyambira mu 2018 kalembera wina wa chaka ndi chaka anatha zaka zingapo osapeza ndi kamodzi komwe. Akatswiri a Yunivesite ya California ku Davis anayamba kukaweta m'mathanki, ndipo kumapeto kwa 2021 anayamba kukathira m'mitsinje. Ntchito imeneyi imadya ndalama zankhaninkhani. Ife ndalama zotere tilibe. Mathanki athu ndi maiwe amene Mulungu anakumba yekha mu Phalombe ndi mu Sombani, ndipo kuwasunga sikufuna dola ayi.

Zimene zikuwaononga tikuzidziwa. Tikagwetsa mitengo m'phiri ndi kulima mpaka m'gombe la mtsinje, dothi limakokoloka n'kukakwirira maiwe aja. Tikasandutsa neti ya udzudzu kukhala khoka, timakokolola ndi tiana tomwe, kwinaku ana athu akugona polumidwa. Namondwe wa Freddy, amene anatiliza mu Marichi 2023, anatsitsa mchenga ndi miyala yambiri m'mitsinje, ngakhale anadzazanso nyanja. Madzi akachuluka chonchi n'kosavuta kuiwala, koma mlimi wanzeru amapatula mbewu nkhokwe ikadali yodzaza.

M'kalata yawo ya Laudato Si' ya mu 2015, malemu Papa Fransisko anatikumbutsa kuti cholengedwa chilichonse chili ndi ulemu wake pamaso pa Mlengi, ndiponso kuti chilengedwe chikaonongeka oyamba kuvutika ndi amphawi. Matemba akatha, wolemera adzagula nkhuku. Nanga mayi wamasiye wa ku mudzi adzawapatsa chiyani ana ake?

Tisathamangire kuloza chala msodzi yekha. Munthu wogona pa zimbowera pakati pa njedza sachita zimenezi mwamasewera, njala ndiyo imamutuma. Boma likatseka nyanja nthawi yoswana nsomba, liyenera kuganiziranso chimene mabanja a asodzi adye, ndipo lamulo ligwire wamkulu ndi wamng'ono yemwe mosakondera. Makomiti a m'madoko ndi a m'mitsinje apatsidwe mphamvu zenizeni.

Koma nafenso tili ndi gawo lathu. Akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, ikani nkhaniyi pa zokambirana zanu. Funsanani kuti ndani akulima m'gombe, ndani akuthira mankhwala m'dziwe, ndi mitengo ingati imene mphakati wanu ungabzale m'mbali mwa mtsinje dzinja likudzali. Amayi ndi abambo ogula ndiwo, kanani tinsomba tosakhwima togwidwa ndi neti ya udzudzu, pakuti wogulitsa amabweretsa chimene wogula akufuna.

Akale anati madzi akatayika saoleka. Chilwa idzaumanso, monga yakhala ikuchitira kuyambira kale. Tsiku limenelo, kubwerera kwa matemba pa msika wa Nkando kudzadalira maiwe amene tikusunga kapena kukwirira lero lino.