Si chiswe chokha chikudya nyumba za ku Thyolo

Chiperoni chikagwira ku Thyolo, kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, zovala zimagona pachingwe masiku angapo osauma. Tiyi amakondwa nayo nyengo imeneyi. Koma chinyontho chomwecho chimene chimabiriwitsa minda ya Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba ndicho chikudya pang'onopang'ono nyumba zakale za m'maesiteti, zikuluzikulu za makonde ozungulira zija pamodzi ndi tinyumba ta antchito.

Phaso likathyoka, kapena felemu ya chitseko ikayamba kunyenyeka, aliyense amathamangira kuti ndi chiswe. Timagula mankhwala, kupopera, mtima n'kukhala m'malo. Chonsecho nthawi zambiri wowononga ndi bowa, mtundu wake umene umamera mkati mwa thabwa lonyowa n'kumadya ulusi umene umalilimbitsa. Mankhwala a chiswe sauopsa n'komwe.

Kusiyanitsa kwake sikuvuta. Chiswe chimamanga tinjira tadothi pakhoma ndipo chimasiya mphako mkati mwa thabwa. Thabwa lofumbwa limakhala ndi timabowo togwetsa ufa. Koma lodyedwa ndi bowa limada, limapepuka, ndipo limang'aluka m'litali ndi mopingasa kukhala tizidutswa ta ngodya zinayi. Mukatsina kamodzi kamasanduka fumbi m'zala. Suzumirani kuseri kwa kabati imene sinasunthidwe zaka zambiri, kapena pamwamba pa siling'i, mwina mupeza zoyera ngati thonje zitayanga pathabwa, nthawi zina ndi fumbi lofiirira pansi pake. Mphuno nayo imathandiza, pakuti chipinda chotere chimanunkha bowa ngakhale chikolopedwe m'mawa uliwonse. Tengani msomali, mubaye kunsi kwa felemu ndi pamene phaso lalowa m'khoma. Ukalowa osalimbana nawo, penti yowala ija ikungobisa matenda.

Ku Britain, kumene nyumba zakale zimavutika kwambiri ndi mtundu wotchedwa Serpula lacrymans, umene umatambasula mizu yake kudutsa m'khoma la njerwa kukafuna thabwa lina, amisiri adaphunzira mfundo imodzi imene ikugwiranso ntchito kwathu kuno. Thabwa limene madzi ake sakupitirira magawo 20 pa 100 alionse bowa salidya. Ndiye nkhondo yake ndi yolimbana ndi madzi.

Omanga akale ankadziwa zimenezi. Huntingdon House ya ku Satemwa, imene banja la a Maclean Kay lidamanga mu 1928, ikadalipo mpaka lero ndipo ikulandira alendo. Nyumba za nthawi imeneyo zinkakhala ndi makonde aakulu otchinjiriza khoma ku mvula, madenga aatali, ndi mabowo olowetsa mpweya. Zambiri zinkamangidwanso ndi matabwa olimba monga mbawa ndi mkungudza wa ku Mulanje, umene suwola msanga. Lero mkungudza watsala pang'ono kutheratu paphiri paja, ndipo timakhomera paini ndi bulugamu, kawirikawiri zisanaume n'komwe. Kuwonjezera apo, ife tomwe tidatseka mabowo a mpweya poopa makoswe ndi kuzizira, khonde tidalitchinga kuti likhale chipinda cha ana, dothi la maluwa tidaliunjika mpaka kukhudza khoma. Chimene chimandipweteka kwambiri n'kuona khoma lonyowa likupakidwa penti ya oyilo. Laimu wa makolo uja ankalola chinyontho kutuluka. Penti imeneyi imachitsekera mkati, chikatero chimathawira kumatabwa.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, maso athu adali pa nyumba zimene zidagwa, ndipo m'pomveka. Zimene zidaimirira tidati zapulumuka. Koma malata amene mphepo idatukula n'kuwabwezera adasiya misomali yokhwefuka, ndipo dontho limodzi logwera pamtanda dzinja lililonse ndi lokwanira kuuwoletsa.

Pokonza, yambani padenga. Matani podontha, chotsani masamba m'ngalande, madzi a padenga azigwera kutali ndi maziko, mabowo a mpweya atsegulidwe. Mukatero muitane kalipentala adule powola ponse, apitirire pafupifupi theka la mita kulowa pabwino, chifukwa bowa amakhala atafika kale kumene maso sakuona. Zodulazo zitenthedwe panja. Thabwa lolowa m'malo likhale louma ndi lonyikidwa m'mankhwala, ndipo nsonga yake isakhudze njerwa yonyowa. Oyilo wakuda wa galimoto amene ambiri timadalira amangopaka pamwamba, mkati mukuwolabe.

Pali anthu amene sangachite zonsezi paokha. Wothyola tiyi wokhala m'nyumba ya kampani sangasasule denga losakhala lake. Iye kwake n'kukanena kwa akuluakulu, n'kudikira. Bungwe la WHO lidanena mu 2009 kuti kukhala m'nyumba yachinyontho kumawonjezera chifuwa ndi mphumu, ndipo m'tinyumba timeneti mukugona ana. Pempho langa kwa oyang'anira maesiteti ndi loti mu Sepitembala ndi Okutobala, kunja kuli ng'amba, atumize amisiri alowe nyumba iliyonse ndi msomali m'manja, akwere padenga, akonze podontha mvula ya Novembala isanayambe.