Kubena chimbale n'kusachiyesa n'kudzinamiza

Palibe mlimi amene amathira chimanga m'nkhokwe n'kutha chaka osasuzumiramo kuona ngati anankafumbwe alowa. Komatu ambiri a ife tikakopera mafayilo pa CD kapena DVD timangoponya chimbalecho m'kabati, mtima uli m'malo. Tsiku lomwe kompyuta yafa ndi pamene timazindikira kuti chimbalecho sichikutseguka.

Izi zikukhudza makolo amene amasunga zithunzi za masatifiketi ndi za makadi a kusikelo a ana, komanso mavolontiya a zaumoyo amene amasunga kaundula wa katemera ndi malipoti a mwezi ndi mwezi. Kaundula akatayika, ana ena amaphonya katemera wotsatira.

Ena amati zimbale n'zachikale, fulashi ndiye yabwino. N'zoona kuti malaputopu ambiri atsopano alibe polowetsa chimbale, ndipo CD-R imangosunga 700 MB pomwe DVD-R imasunga 4.7 GB. Koma zimbale ziwirizi zimalembedwa kamodzi kokha. Zomwe mwabenapo vayirasi sangazisinthe, pomwe fulashi imatha kutola matenda ikalowetsedwa pa kompyuta yomwe ili ndi vayirasi.

Vuto ndi lakuti kubena kumatha kulakwika mwakachetechete, chifukwa cha fumbi, chimbale chotchipa kapena liwiro lopitirira muyeso. N'chifukwa chake kuyesa n'kofunika. Mapulogalamu obenera monga ImgBurn ali ndi batani la Verify, lomwe limawerenganso chimbale chonse n'kufananiza ndi mafayilo oyambirira. Zimangotenga mphindi zochepa. Mukatero, kachitsegulireni pa kompyuta ina, muone ngati chiwerengero cha mafayilo chikufanana, mutsegule angapo.

Dziwaninso kuti chimbale chimakalamba. Uthenga umalembedwa pa utoto wopyapyala umene umawonongeka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi. Chisungeni m'kachikwama kake pamalo ozizira ndi amdima, muchigwire m'mphepete, mulembepo ndi peni yofewa ya maka, osati bolopeni. Chiyeseninso kamodzi pachaka, ndipo chikayamba kuvuta benani china msanga.

Benani ziwiri, chimodzi chikakhale kunyumba ina, poti moto ndi madzi osefukira sizisankha. Kwa inu mavolontiya, chimbale chokhala ndi maina ndi matenda a anthu n'chinsinsi. Chizitsekeredwa kuchipatala motsatira malangizo a amene amakuyang'anirani.

Sabata ino tulutsani zimbale zanu zakale, muziyese chimodzichimodzi mafayilo oyambirira akadalipo.