Galu Wonenepa Kuseri kwa Mpanda

Akhristu anzathu, mwezi uno tikupempha chilolezo chanu kuti tiyambe taika pambali nkhani za maukwati ndi za kaleredwe ka ana, tikambeko za galu. Tikudziwa kuti ena apukusa kale mutu nanena kuti mphunzitsi wasowa chonena. Lezani mtima, pakuti nkhaniyi sitinaitole m'mabuku, koma pakhomo pa Mkhristu mnzathu.

Lachinayi lina tinanyamuka kuno ku Kabwata kupita ku Woodlands kukazonda amayi ena achikulire amene kale tinkapemphera nawo pa parishi ya Good Shepherd, asanasamukire m'nyumba imene ana awo anawamangira. Pa geti panali chikwangwani chochenjeza kuti pakhomopo pali galu wolusa. Ife, poti tinalumidwapo kale pa maulendo otere, tinaima patali ndi kuodira mokweza. Mnyamata wantchito atatsekula, tinamuonadi mlondayo ali chigonere pakhomo la khitchini, wozungulira ngati thumba la makala. Anatukula mutu, nagwedeza mchira kawiri, nauwa kamodzi kokha. Kenaka anangoti wefuwefu, lilime panja, ngati wachokera kuuzimba.

"Aphunzitsi, mwamuona Tiger wanga?" anatero amayiwo monyadira. "Ameneyu sasowa kanthu pano."

Ndipo zinali zoona. M'mawa Tiger ankalandira buledi wopaka majarini, womviika mu tiyi wa agogo. Masana ankadya nsima ndi msuzi wa nkhuku. Madzulo mnyamata ankamuphikira gaga wosakaniza ndi utuchi wa mafupa ndi mafuta umene timagula kubutchala. Adzukulu pobwera kusukulu ankamuponyera mabisiketi ndi vitumbuwa. Aliyense pakhomopo ankaganiza kuti wangomupatsa pang'ono, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuchuluka kwa zonse zolowa m'mimba mwa galuyo dzuwa lisanalowe.

Sitinawadzudzule amayiwo, chifukwa mtima umene ali nawo ndi wathu tonse. Kwathu kunenepa ndi ulemu. Munthu akabwera kuchokera kutali timamulandira ndi mawu akuti "Mwanenepatu!" ndipo iye amasekerera. Mwana wonenepa amatamanditsa mayi wake, ng'ombe yonenepa imatamanditsa mbusa. Tsono n'zosadabwitsa kuti galu wonona timamuyesa umboni wakuti pakhomo pali bwino. Komatu akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ife amene tinakulira kumudzi, kaya ku Katete kaya ku Petauke, sitikumbuka kuti tinaonapo galu wonenepa. Galu wakumudzi ankadya makoko ndi mkute, nthawi zina osapeza n'komwe, ndipo sitinena kuti umenewo unali moyo wabwino. Koma ankayenda. Ankatsogola popita kumunda, ankathamangitsa anyani, ankapita ndi anyamata kukasaka akalulu. Galu wa m'tauni tamuchotsera zonsezi. Tamanga mipanda ya njerwa, taikapo mageti achitsulo, ndipo ambiri a ife timamutsekera m'kanyumba kapena kumumanga pa unyolo usana wonse, ati kuti usiku akhale waukali. Kuno ku Kabwata mabwalo athu ndi aang'ono, galu akayenda mapazi khumi wagunda mpanda. A ku Kabulonga asanyade ndi kapinga wawo wotambalala, pakuti galu sadziyendetsa yekha ngakhale bwalo likule chotani. Amasankha mthunzi woyandikana ndi khitchini nagona pomwepo. Chakudya chachuluka, ulendo watha. Thupi lingachite chiyani koma kusunga mafuta?

Mafuta amenewa amamuzunza mwakachetechete. Miyendo ndi msana zimasenza katundu amene sizinalengedwere, mfundo za mafupa zimaperepeseka msanga, galu nayamba kuvutika podzuka. Kupuma kumakhala kwa befu, makamaka m'kutentha kwa October, popeza galu satuluka thukuta thupi lonse monga ife, koma amadziziziritsa ndi kupuma. Akafunika opaleshoni, mankhwala ogonetsa amamuopsa koposa mnzake wa thupi labwino. Ndipo masiku ake amafupika. Mu 2002 akatswiri a ku America anaulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa agalu 48 a mtundu wa Labrador, kuwatsatira kuyambira ali ana kufikira imfa yawo. Anawagawa awiriawiri a mimba imodzi, wina nkumapatsidwa chakudya chochepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi m'bale wake. Odya mochepawo anafika zaka 13, pamene anzawo anathera pa zaka 11 ndi miyezi yowerengeka. Pa moyo wa galu, zaka pafupifupi ziwiri si zochepa.

Nanga tidziwa bwanji kuti galu wathu wapyola muyeso? Maso amanyenga, makamaka pa galu waubweya wambiri, choncho tigwiritse ntchito manja. Sisitani m'nthiti mwake mosakanikiza. Nthiti ziyenera kumveka monga mumvera mafupa a kuseri kwa dzanja lanu: osaonekera, koma opezeka msanga. Ngati mufunika kukanikiza ngati mukufufuza ndalama m'thumba la ufa, galuyo wanenepa. Muyang'aneninso muli chiimire pamwamba pake: kuseri kwa nthiti payenera kuoneka chiuno. Mukamuona cham'mbali, mimba ikwere chakumiyendo yakumbuyo, isalendewere. Madotolo a ziweto amayesa thupi la galu pa muyeso woyambira pa 1 kufika pa 9, ndipo malo abwino ndi pa 4 kapena 5. Tiger, mwa kuona kwathu kwa anthu wamba, anali kufupi ndi kumapeto.

Apa tichenjezane. Mimba yaikulu si mafuta nthawi zonse. Kagalu kotupa mimba koma nthiti zili pamtunda kawirikawiri kali ndi njoka zam'mimba. Galu wamkulu wotupa mwadzidzidzi angakhale ndi madzi m'mimba chifukwa cha mtima kapena chiwindi, ndipo wamkazi angakhale ndi bere. Aliponso agalu onenepa chifukwa cha matenda a chithokomiro, osati chifukwa cha dyera. Kotero musanachepetse mbale, muonetseni kwa dotolo wa ziweto. Mu Lusaka muno sitisowa kopita: pa University of Zambia, mu Great East Road, pali sukulu ya madotolo a ziweto yotchedwa dzina la Samora Machel, imene ili ndi chipatala chake, ndiponso m'madera ambiri muli madotolo oima paokha.

Dotolo akavomereza, ntchito yoyamba si ya galu ayi, koma ya anthu a pakhomo. Banja likhale pansi ligwirizane kuti wodyetsa galu akhale mmodzi, kapu yoyezera ikhale imodzi, ndipo kudya kukhale kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Zotsala zapatebulo, ngati zipatsidwa, zilowe m'muyeso womwewo, zisakhale zowonjezera. Chofunika kuchepetsa ndi nsima, buledi, mafuta ndi khungu la nkhuku. Nyama yopanda mafuta, kapenta wotsukidwa mchere kapena dzira lowiritsa zisachotsedwe, chifukwa tifuna galu ataye mafuta, osati minofu. Kuti mimba isalire, onjezani dzungu lowiritsa, kaloti, zitheba kapena kabichi, zophikidwa popanda mafuta ndi mchere. Anyezi, amene sasowa m'ndiwo zathu, amawononga magazi a galu. Chokoleti ndi mphesa nazonso ndi poizoni kwa iye, ndipo mafupa ophika a nkhuku amathetheka nalasa matumbo. Ogula chakudya cha m'matumba chakusitolo ayese ndi kapu molingana ndi kulemera kumene galu ayenera kufikako, osati kumene ali nako lero. Galu wofulidwa ndi galu wokalamba amafuna chakudya chochepa koposa mnzake wanthete. Tizakudya tomusangalatsa nato tisapyole gawo limodzi mwa magawo khumi a chakudya cha tsiku.

Pa gaga tinenepo mawu awiri. Mu August 2024 nduna ya zaumoyo inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno atadya zakudya za chimanga choipitsidwa ndi aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku. Gaga wonunkha chinyezi kapena ufa wochita chuku usaperekedwe kwa galu poganiza kuti iye sasankha. Kuphika sikupha poizoni ameneyu.

Musamumane chakudya kuti aonde msanga. Galu ayenera kutsika pang'onopang'ono, gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100 a kulemera kwake pa sabata. Ndiye kuti wa makilogalamu 30 ataye magalamu 300 kufika 600 pa sabata, ndipo ulendo wonse ungatenge miyezi isanu kapena kupyolapo. Ngati ndi wonyamulika, kwerani naye pa sikelo, kenaka mukwere nokha, muchotsere. Lembani pa kalendala ya kukhitchini masabata awiri alionse. Adzakuyang'anani ndi maso achisoni pamene mukudya, ndipo apa ndi pamene agogo ambiri amagonjera. Kumbukirani kuti kawirikawiri chimene akupempha ndi inuyo. Mukamusisita kapena kumuponyera mpira, amaiwala za mbale.

Tsono tifike pa kuyenda. Ife Akatolika tili ndi mwayi wokhala ndi buku la Tobiti m'Baibulo lathu. Mnyamata Tobiya atatumidwa ndi atate ake ku dziko la Mediya, moperekezedwa ndi mngelo Rafaele, wolemba sanaiwale kutchula kuti galu anapita nawo, ndipo pobwerera amutchulanso. Galuyo sachita chozizwitsa chilichonse m'nkhanimo. Amangoyenda ndi mbuye wake, kupita ndi kubwera. Ife timaona ngati pamenepa Malembo atisonyeza malo enieni a galu: pambali pa munthu, panjira.

Galu wonenepa musamuthamangitse tsiku loyamba. Yambani ndi mphindi 10 m'mawa ndi zina 10 madzulo, muziwonjezera pang'ono sabata ndi sabata kufikira theka la ola. Sankhani nthawi yozizira, Misa ya m'mawa isanayambe kapena dzuwa litapendeka, ndipo tengani madzi. Gwirani phula ndi dzanja. Likakuotchani inu, liotchanso mapazi ake. Akayamba kutsalira m'mbuyo, kutsimphina kapena kugona pansi, bwererani. Pewani misewu yodzaza magalimoto monga Burma Road, mudzere m'tinjira tam'kati. Ndipo galu akhale pa chingwe nthawi zonse, atabayidwa katemera wa chiwewe ndi kulembetsedwa monga lamulo la dziko lino, Control of Dogs Act, lifunira. Chiwewe chikaonetsa zizindikiro sichichizika, ndipo olumidwa ambiri ndi ana. Sitingachiritse galu wathu poika mwana wa mnansi pangozi.

Tikudziwa kuti wina wa ku Chawama kapena ku Misisi powerenga izi aseka chowawa mtima nati, "Anzathu ali ndi mavuto okoma! Ife tikusowa pamela wa ufa, iwo akudandaula za galu wokhuta." Mawu amenewa sitingawakane. Sitinaiwale chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, pamene mabanja ambiri ankadya kamodzi pa tsiku. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2418, amaphunzitsa zinthu ziwiri pamalo amodzi: kuti kuzunza nyama popanda chifukwa kumanyazitsa ulemu wa munthu, ndiponso kuti si koyenera kuwonongera pa nyama ndalama zimene zikanayamba zathandiza anthu osauka. Kale tinkayesa ziwirizi zimakokana. Pakhomo la galu wonenepa tinaona kuti zilakwidwa pamodzi, m'mbale imodzi: galu akudwala ndi zochuluka, pamene mnyamata amene amamuphikira amayenda wapansi kuchokera ku Bauleni ali ndi njala. M'fanizo la Ambuye la munthu wachuma ndi Lazaro, agalu ndiwo anamuona wosaukayo pa chipata. Mwini nyumba sanamuone.

Izi tinazikamba ndi amayi aja mwaulemu, osati tsiku limodzi. Poyamba anakana ndithu. "Aphunzitsi, ana anga onse ali kunja. Amene amandiyang'ana ndikamadya ndi Tiger yekha. Ndimumane bwanji?" Tinasowa choyankha, pakuti tinazindikira kuti buledi wa m'mawa uja sanali wa galu yekha. Koma dotolo atawauza kuti miyendo yakumbuyo yayamba kale kufooka, anavomera. Kapu inapachikidwa pa msomali kukhitchini. Mdzukulu wamkulu anapatsidwa udindo wa chingwe. Patapita masabata angapo, agogo anayamba kukayikira ngati mwanayo akuyendadi kapena akungoima pangodya ndi foni, choncho anatenga ndodo ndi kolona yawo nayamba kutsatira pambuyo. Panjirapo anadziwana ndi amayi ena amasiye a nyumba yachitatu, amene anakhala nawo moyandikana zaka zambiri osapatsana moni. Tiyi wa m'mawa tsopano amamwa ndi mnyamata wantchito, ndipo buledi amadya ndi iyeyo.

Titapitako mwezi wathawu kukawapatsira uthenga wa maliro a mnzathu wa m'kwaya yakale, tinaodira pa geti monga mwa masiku onse. Tiger anafika ndi liwiro, lamba wa m'khosi atabwezedwa mabowo awiri, nauwa mwakuti tinabwerera m'mbuyo mpaka m'ngalande. Tinadikira panja kufikira atamumanga.